Phunziro kwa Akhristu ndi Akatekisiti: Kayendedwe ka Mlendo Kutsidya kwa Muloza

Ndi yowerengeka midzi ya m'boma lino la Mulanje imene ilibe mbale kutsidya kwa malire. Wina ali ndi amalume ku Milange, wina anakwatitsa mwana wake kumeneko, winanso agona ku Limbuli koma munda wake wa chimanga uli m'nthaka ya Mozambique. Tsiku ndi tsiku njinga zolemedwa ndi matumba zidutsa pa Muloza, ndipo maliro akagwa mbali ija, olira achokera mbali ino. Chifukwa cha kuzolowera kumeneku ambiri a ife tinaiwala kuti tikaoloka mtsinje uja talowa m'dziko la eni, lokhala ndi malamulo ake, asilikali ake ndi mavuto ake.

Phunziro ili silifuna kuopseza munthu, kapena kunyoza anansi athu, amene ali abale athu enieni. Lifuna chinthu chimodzi, kuti iye amene anyamuka abwerenso wamoyo, ndi katundu wake ndi ulemu wake. Akatekisiti aliwerenge mofatsa, nalifotokoze m'miphakati, makamaka kwa achinyamata ndi kwa iwo osadziwa kuwerenga.

1. MALIRE ANADZA, CHIBALE CHINALIPO KALE

Malire amene tiwaona lero anayamba ndi pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891. Mitsinje ya Ruo ndi Muloza, imene makolo ankatungamo madzi mbali zonse ziwiri, inasanduka mzere wolekanitsa maiko, ndipo eni dziko sanafunsidwe. Pa zaka zotsatira Alomwe ambiri anachoka kwa Apwitikizi kuthawa msonkho wowawa, ntchito yokakamiza ndi njala, nadzakhala kuno pafupi ndi minda ya tiyi. Ndicho chifukwa chake munthu wa ku Mulanje akafika ku Milange amva Chilomwe ndi Chinyanja monga kwao, ndipo mtima wake umuuza kuti sanapite patali.

Koma mtima ungathe kunyenga mwini wake. Chinenero cha boma kumeneko ndi Chipwitikizi; ndalama yao ndi metical, si kwacha; ndipo wapolisi wa kumeneko samvera nyakwawa ya mudzi wanu kapena bwanamkubwa wa ku Mulanje. Akulu anati, kwa eni kulibe mkuwe. Chimene muchita kwanu osaopa kanthu, kwa eni chingathe kukugonetsani m'ndende. Chotero phunziro loyamba ndi ili: kondani abale anu a kutsidya monga kale, koma yendani pakati pao monga mlendo wodziwa kuti ali mlendo.

2. ZIMENE ZINACHITIKA, NDI ZIMENE ZITIPHUNZITSA

Dziko la Mozambique linalandira ufulu wodzilamulira pa 25 Juni 1975. Pasanapite nthawi kunabuka nkhondo ya pachiweniweni pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, imene inayaka kuyambira 1977 kufikira 1992. Chigawo cha Zambezia, chimene tichita nacho malire, chinali mwa zigawo zosautsidwa koposa. Mu 1986 Renamo inalanda Milange, ndipo anthu zikwizikwi anaoloka pa Muloza atabereka ana, atasenza timitolo. Nkhondo isanathe dziko lathu linali litasunga othawa kwao pafupifupi 1 miliyoni. Akulu a pakati panu akumbukira misasa ija, ndi kulira kwa mfuti kumene kunkamveka usiku kuchokera kutsidya. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 ndi Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama, ndipo mwa ankhoswe ake munali a gulu la Sant'Egidio ndi Ambuye Jaime Gonçalves, Arkiepiskopi wa Beira.

Mtenderewo unakhala zaka 20, koma mu 2013 mfuti zinamvekanso m'chigawo cha Sofala. Pofika 2016 magalimoto pa misewu ina ikuluikulu ankayenda pamdipiti, operekezedwa ndi asilikali, ndipo anthu oposa 10,000 a m'chigawo cha Tete anathawira ku Kapise m'boma la Mwanza. Pangano lina la mtendere linasainidwa mu Ogasiti 2019 ndi Filipe Nyusi ndi Ossufo Momade.

Kenaka kunadza chisankho cha pa 9 Okutobala 2024. Otsatira Venâncio Mondlane anakana zotsatira zake, ndipo kwa miyezi ingapo misewu inatsekedwa ndi miyala ndi matayala oyaka, masitolo ndi nyumba za boma zinatenthedwa, ndipo anthu oposa 300 anafa, monga anawerengera mabungwe oona za chisankho ndi ufulu wa anthu. Bwalo lalikulu litatsimikiza pa 23 Disembala kuti Daniel Chapo ndiye wapambana, chipolowe chinakula, ndipo anthu pafupifupi 13,000, ambiri a iwo a ku Morrumbala m'chigawo chomwechi cha Zambezia, anaolokera ku Nsanje. Ngakhale ife amene sitinachoke pakhomo tinamva kuwawa kwake, pakuti mafuta a galimoto, amene adzera ku madoko a Beira ndi Nacala, anasowa koposa.

Tsono tiphunzirapo chiyani? Choyamba, kuti bata la chaka chino silili chikole cha chaka chamawa. Chakudza sichiimba ng'oma. Chachiwiri, kuti mavuto ambiri atsata nyengo ya chisankho. Zisankho zikuluzikulu za kumeneko zichitika zaka zisanu zilizonse, ndipo za 2014, 2019 ndi 2024 zonse zinagwa mu Okutobala. Masiku a kampeni, tsiku loponya voti ndi masiku olengeza zotsatira si masiku oyendera ulendo wosafunikira. Chachitatu, kuti mavuto akayamba, msewu ndiwo uyamba kutsekedwa, ndipo amene ali kutali ndi kwao ndiye ayamba kusowa pogwira.

3. SI DZIKO LONSE LILI CHIMODZIMODZI

Mozambique ndi lalikulu kuposa Malawi pafupifupi kasanu ndi kawiri. Nkulakwa kunena kuti konse kuli nkhondo. Nkulakwanso kunena kuti konse kuli mtendere. Tiligawe patatu monga liri kwa munthu wonyamuka ku Mulanje.

Gawo loyamba ndi Milange ndi midzi yozungulira phiri la Tumbine, makilomita owerengeka kuchokera pa chipata. Uku ndiko apita ambiri a ife, kukagula chimanga ndi nandolo, kukaona abale, kukalima. Masiku ambiri kumeneku kuli bata, ndipo choopsa chake ndi chimene chili paliponse: mbala, ngozi za pa msewu, kusowa zikalata ndi kukangana pa mowa.

Gawo lachiwiri ndi ulendo wa m'kati: ku Mocuba, makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Milange, ku Quelimane likulu la Zambezia, ku Gurúè, ku Morrumbala kapena ku Nampula. Mukapitirira Milange, Chinyanja chiyamba kuchepa. Mumva Chichuabo, Chisena ndi Chimakua, ndipo amene angakuchitireni umboni kuti akudziwani sapezeka. M'madera ena a gawo ili muli magulu a Naparama. Gululi linayambitsidwa ndi Manuel António kumapeto kwa nkhondo ija, ndipo anthu ake akhulupirira kuti mankhwala otemera awateteza ku zipolopolo. Linaukanso mu 2022 kumpoto, ndipo kumayambiriro kwa 2025 linalimbana ndi apolisi m'madera ena a Zambezia. Wopita m'gawo ili ayenera kukhala ndi pasipoti, ndi chifukwa chomveka cha ulendo wake, ndi munthu wodziwika womuyembekeza.

Gawo lachitatu ndi Cabo Delgado, kumpoto kwenikweni, pamodzi ndi maboma oyandikana nacho a m'zigawo za Nampula ndi Niassa. Kumeneko zigawenga zinayamba kuthira nkhondo pa 5 Okutobala 2017 ku Mocímboa da Praia. Mu Malichi 2021 zinalowa mumzinda wa Palma. Ndipo anthu oposa 1 miliyoni anasiya midzi yao m'zaka zotsatizana. Asilikali a ku Rwanda anadza kudzathandiza mu 2021, ndipo a maiko a SADC anakhalako kuyambira 2021 kufikira 2024. Pa 6 Seputembala 2022 zigawengazo zinatentha mishoni ya Chipene m'chigawo cha Nampula, nizipha Sisitere Maria De Coppi wa chipani cha Comboni, wa ku Italy, amene anatumikira m'dzikolo zaka pafupifupi 60. Ngati sizinachitire chifundo mai wokalamba amene anthu onse a kumeneko ankamudziwa, kodi zidzachitira chifundo mnyamata wachilendo wofuna ganyu? Za gawo ili mau athu ndi achidule: musapiteko. Palibe malonda, palibe mgodi wa miyala ya mtengo wapatali, palibe malipiro amene angalipe moyo wanu. Ndiponso mlendo wopanda zikalata akapezeka kumeneko, asilikali angathe kumuyesa mmodzi wa zigawenga.

4. MUSANANYAMUKE

Ulendo wabwino ukonzedwa pakhomo. Nazi zimene munthu wanzeru achita asanamange katundu.

Afunse. Safunsa anadya phula. Amvere wailesi masiku awiri kapena atatu asananyamuke. Afunse oyendetsa galimoto ndi anjinga amene abwera kumene. Aimbire foni mbale amene akupitako. Pofunsa asanene kuti, "Kuli bwanji kumeneko?" pakuti yankho lake nthawi zonse ndi "Kuli bwino." Afunse molunjika: Kodi msika unatsegulidwa dzulo? Kodi magalimoto afika kuchokera ku Mocuba? Kodi ana akupita kusukulu? Msika ukatsekedwa pa tsiku lake ndi ana akakhala pakhomo, dziwani kuti zinthu sizili bwino.

Akonze zikalata. Wopita pafupi kwa nthawi yochepa apempha bodapasi ku ofesi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko pa chipata, atatenga chiphaso chake cha unzika. Polandira afunse kuti chikalatacho chimulola masiku angati ndi kufika kuti, pakuti bodapasi si ya ulendo wautali. Wopita m'kati atenge pasipoti imene masiku ake sanathe. Nzabwino kujambulitsa tsamba la pasipoti lokhala ndi chithunzi, pepala limodzi kulisiya kunyumba, lina kulisunga m'thumba losiyana ndi la pasipotiyo.

Auze anthu. Mkazi kapena mwamuna wake, mwini mbumba, ndipo ngati ulendo uli wa masiku ambiri, nyakwawa ndi katekisiti, adziwe kumene apita, kwa yani, ndi tsiku lobwerera. Agwirizane kuti tsikulo likapita popanda mau, otsala ayambe kufunsa. Ambiri achita manyazi kunena za ulendo wao poopa nsanje ya anzao; koma mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Alembe manambala papepala. Foni ibedwa, ithanso moto. Nambala ya kunyumba ndi ya mbale wa kutsidya zilembedwe papepala ndi kusungidwa m'chovala. Poimbira ku Malawi muli kunja muyamba ndi +265. Poimbira ku Mozambique muli kuno muyamba ndi +258. Airtel ndi TNM zimveka pafupi ndi malire, koma m'kati mufunika Movitel, Vodacom kapena Tmcel.

Agawe ndalama. Zonse zisakhale m'thumba limodzi. Za pa njira zikhale pafupi. Za malonda zibisike. Ndipo za ulendo wobwerera zisakhudzidwe ngakhale malonda akome bwanji. Posintha kwacha kuti mulandire metical, dziwiranitu mtengo wa tsikulo, werengani nokha ndi manja anu, ndipo musasinthe zambiri pa maso pa gulu.

Apeze mnzake. Kali kokha nkanyama, tili tiwiri ntianthu. Makamaka amai, atsikana ndi okalamba asayende okha ulendo wa m'kati.

5. PA CHIPATA NDI PA NJIRA

Tidziwa tonse kuti pali njira zambiri za m'tchire ndi madooko ambiri pa Muloza ndi pa Ruo, ndi kuti ambiri adzera kumeneko pofuna kupewa akasitomu. Taganizani bwino za kupindula kwake. Munthu wodzera pa chipata dzina lake lilembedwa. Akasowa, boma lidziwa kuti analowa tsiku lakuti. Wodzera m'tchire palibe buku limene limudziwa. Akagwidwa alibe chonena. Katundu wake alandidwa. Akaberedwa sangathe kukadandaula ku polisi, pakuti iye mwini ali wolakwa. Msonkho umene anaupewa uli wochepa poyerekeza ndi zimene ataya. Chotero dzerani pa chipata, ndipo onetsetsani kuti chidindo chadindidwa mbali zonse ziwiri, potuluka kuno ndi polowa uko. Werengani masiku amene mwapatsidwa, pakuti wopitiriza masiku alipitsidwa chindapusa.

Musanyamulire munthu katundu amene simunamuone m'kati, ngakhale wopemphayo akhale wodziwika. Chamba, minyanga, miyala ya mtengo wapatali yopanda chilolezo, zipolopolo ndi mankhwala a m'chipatala obedwa zidutsa m'malire m'matumba ooneka ngati a chimanga. Ndipo pa bwalo la milandu mwini katundu ndi iye amene anapezeka naye.

Yendani usana. Nyamukani m'mamawa kuti dzuwa lisanalowe mukhale mutafika pogona. Usiku ndiwo nthawi ya achifwamba ndi ya ngozi, ndipo msilikali wamantha mumdima safunsa kawiri. Minibasi za kumeneko, zimene eni ake azitcha chapa, ndi njinga zamoto za kabaza, zidzaza kopitirira muyeso monga zathu. Mukaona woyendetsa ataledzera, tsikani, ngakhale mwalipira kale.

Pa malo oimitsira magalimoto khalani odekha. Chikalata chanu chikhale pathupi panu nthawi zonse, pakuti apolisi a kumeneko ali ndi mphamvu yochifunsa paliponse. Perekani moni, onetsani chikalata, yankhani zimene mwafunsidwa, ndipo musakweze mau. Mau atatu a Chipwitikizi atsegula makomo ambiri: Bom dia popereka moni wa m'mawa, Por favor popempha, ndi Obrigado pothokoza, kapena Obrigada ngati wothokozayo ali mkazi. Mukauzidwa kuti mwalakwa ndi kuti mulipire, pemphani lisiti mwaulemu. Musayambe inu kupereka chiphuphu. Ndi mlandu kumeneko monga kuno, ndipo amene apereka lero akonzera msampha mnzake wodutsa mawa.

Mukaona patsogolo utsi wa matayala, mitengo yogwetsedwa pa msewu kapena gulu la anthu okuwa, musapite kukaonerera. Bwererani kumene mwachokera, kapena lowani m'nyumba ya munthu ndi kupempha malo mpaka kutazizira. Mfuti zikalira pafupi, gonani pansi pomwepo kapena kuseri kwa khoma. Musathamange pa mtetete. Achifwamba akakuimitsani, apatseni chimene afuna. Njinga igulidwanso, moyo sugulidwa.

6. LILIME NDI CHOVALA CHA MLENDO

Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mlendo alibe chipani m'dziko la eni. Musatame kapena kunyoza Frelimo, Renamo kapena mtsogoleri aliyense, pa msika, m'galimoto kapena pa mowa, pakuti simudziwa amene akhala pambali panu. Akakufunsani maganizo anu, yankhani kuti ndinu mlendo, mwadzera maliro kapena malonda, ndipo za ndale za kuno muzisiyira eni ake. Musavale nsalu kapena malaya okhala ndi nkhope ya wandale, ngakhale wa kwathu kuno, pakuti wosadziwa angayese ndi wa kwao. Zovala za mawangamawanga zonga za asilikali, zimene anyamata azikonda pa kaunjika, zisiyeni kunyumba. Musajambule ndi foni asilikali, apolisi, milatho kapena chipata cha malire. Ndipo zithunzi za nkhondo ndi za zipolowe zimene anzanu anakutumizirani pa WhatsApp, zifufuteni musanaoloke, pakuti foni ikafufuzidwa mudzavutika kufotokoza.

Pali choopsa china chimene ife a ku Mulanje tichidziwa bwino, ndicho mphekesera. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mbiri ya anamapopa inafalikira m'boma lino ndi ku Phalombe ndi maboma oyandikana nawo. Anthu anatseka misewu, naimitsa magalimoto, ndipo anthu angapo osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake kwa kanthawi. Kodi amene ankayamba kukayikiridwa anali yani? Anali mlendo, munthu wosadziwika wonyamula chikwama. Chaka chomwecho apolisi a ku Mozambique anachenjeza kuti amuna a dazi anaphedwa m'maboma a Milange ndi Morrumbala chifukwa cha bodza lakuti m'mitu mwao muli golide. Ndipo abale athu achialubino akhala akusakidwa mbali zonse ziwiri za malire chifukwa cha mabodza a mtundu womwewo. Iwo asayende okha, ndipo ana otere asatumidwe kutsidya popanda kholo.

Chotero mukafika m'mudzi wachilendo, musalowe mwakachetechete ngati mbala. Pitani ndi mwini nyumba kwa mfumu kapena kwa mlembi wa dera, kuti adziwe kuti kwadza mlendo wa uje. Mukamva kuti m'deralo mwabuka mphekesera, musatsutsane ndi gulu, pakuti gulu lokwiya lilibe makutu. Khalani m'nyumba, ndipo m'mawa bwererani.

7. MADZI, MATENDA NDI ZOTSALA ZA NKHONDO

Si mfuti yokha ipha apaulendo. Madzi apha ambiri. Mu Januwale 2015 mtsinje wa Licungo unagumula mlatho wa ku Mocuba, ndipo apaulendo anakhala masabata osatha kudutsa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy analowera ku Quelimane, nadzagwetsa matope ndi miyala ya m'phiri pa midzi ya Mulanje ndi Phalombe. Sitifunika kukumbutsana za maliro aja. Mitsinje yochokera m'phiri idzala mwadzidzidzi ngakhale pamene muli simunagwe dontho. Kuyambira Disembala kufikira Malichi musaoloke Muloza kapena Ruo pa dooko madzi akafiira, ndipo musakwere bwato lodzaza. Kuona maso a nkhono nkudekha: kugona tsiku limodzi kutsidya kuposa kutengedwa ndi madzi.

Kolera sadziwa malire. Mliri wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko lathu, ndipo unasautsanso Quelimane Freddy atadutsa. Imwani madzi owiritsa kapena othira mankhwala, idyani chakudya chotentha, sambani m'manja ndi sopo. Koma apa pali chenjezo. M'Chipwitikizi mankhwala a m'madzi atchedwa cloro ndipo matendawo cólera, mau ofanana m'makutu. Ndipo m'midzi ina ya kumpoto kwa dzikolo anthu amenya ndi kupha antchito a zaumoyo ndi atsogoleri a midzi powanamizira kuti akufesa matenda m'zitsime. Chotero thirani mankhwala m'ndowa yanu m'nyumba; musaonedwe mukuthira kanthu pa chitsime cha mudzi. Amene amwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, atenge okwanira masiku a ulendo ndi ena oonjezera, pamodzi ndi buku lao la kuchipatala.

Za mabomba okwirira pansi, mu Seputembala 2015 dziko la Mozambique linalengeza kuti minda yonse yodziwika ya mabomba yatha kuchotsedwa, bungwe la HALO Trust lokha litachotsa oposa 171,000. Ndi nkhani yokondweretsa. Komabe mau akuti "yodziwika" tiwamvetse. Wolima mphanje kapena wotola zitsulo zogulitsa akapeza chitsulo chadzimbiri chosadziwika, asachigwire, asachiponye pa moto, asachimenye ndi khasu. Aike chizindikiro patali, nauze mfumu ndi apolisi. Ana aphunzitsidwe zimenezi.

8. OLONJEZA NTCHITO

Nyengo ya njala ikafika, m'midzi mufika anthu a mau okoma, olonjeza ntchito ya m'minda, ya m'migodi kapena ya m'nyumba kutsidya, ndi kunena kuti zikalata sizifunika, ulendo alipira okha. Ana ambiri a maboma a m'malire atengedwa motero, nagwiritsidwa ntchito yakalavulagaga popanda malipiro, osadziwa njira yobwerera. Kumpoto kuja achinyamata ena anakopedwa ndi lonjezo la ntchito, napezeka ali m'manja mwa zigawenga. Dziko lathu lili ndi lamulo la mu 2015 loletsa kuzembetsa ndi kugulitsa anthu, ndipo kholo lopereka mwana podziwa silipulumuka mlandu.

Zizindikiro za msampha ndi izi: wolonjezayo satchula dzina la mwini ntchito kapena malo enieni, afuna munyamuke msanga, usiku, osauza anthu, afuna kudzera m'tchire, afuna akusungireni chiphaso kapena foni. Mukaona chimodzi mwa izi, kanani, nimuuze nyakwawa ndi apolisi.

9. ZIKAVUTA

Mukamangidwa, musathawe ndipo musalimbane. Nenani dzina lanu, kuti ndinu Mmalawi, ndipo pemphani womasulira. Musasaine kapena kudinda chala pa pepala limene simunalimve. Pemphani kuti abale anu adziwitsidwe. Dziko lathu lili ndi kazembe ku Maputo ndi ofesi ya kazembe ku Tete, ndipo abale otsala kuno angathe kuyamba ndi polisi ndi ofesi ya pa chipata cha Muloza, amene adziwana ndi anzao a kutsidya. Mukataya zikalata, kanenani ku polisi yapafupi tsiku lomwelo ndi kulandira kalata yake. Mukasowa pothawira, funsani kumene kuli tchalitchi kapena chipatala. Pa chifukwa ichi Mkhristu wopita ulendo wa masiku ambiri achita bwino kutenga khadi lake la ubatizo kapena kalata ya Bambo Mfumu. Kalatayo silowa m'malo mwa pasipoti, koma kwa ansembe ndi akatekisiti a kumeneko ichitira umboni kuti munthuyu ali ndi kwao.

10. MAU KWA AKATEKISITI

Inu aphunzitsi, anthu akuuzani zimene sauza boma. Mudziwa amene akonza ulendo, amene mwana wake sanabwere, ndi mlendo amene wafika m'mudzi ndi malonjezo. Khalani ndi kabuku kolembamo opita ulendo wautali, kumene apita ndi tsiku lobwerera. Musafalitse mbiri imene simunaitsimikize, ndipo mphekesera ikabuka, mukhale oyamba kuiziziritsa.

Kumbutsaninso anthu kuti phunziro ili lili ndi mbali ziwiri. Amene afuna kulandiridwa bwino ku Milange alandire bwino wa ku Milange wodza ku chipatala kapena ku msika wa Limbuli. Makolo athu anagawana minda ndi othawa nkhondo mu 1986. Ifenso, njala ikatipana, tidya chimanga cha kutsidya. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mlendo wotetezedwa kuno ndiye chikole cha mwana wathu woyenda uko.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MIPHAKATI

1. Ndi nyengo ziti za chaka, ndi zaka ziti, zimene ulendo wa kutsidya uyenera kupewedwa, ndipo chifukwa ninji?
2. Wodzera m'tchire apindula chiyani, ndipo ataya chiyani?
3. Tchulani zinthu zisanu ndi chimodzi zimene munthu achita asananyamuke.
4. Mungamuzindikire bwanji wolonjeza ntchito wachinyengo?
5. Mphekesera ikabuka m'mudzi mwathu, ndipo mlendo wazingidwa ndi gulu, ife a mumphakati uno tidzachita chiyani, ndipo adzayamba ndani?

Funso lomalizali musalidumphe. Liyankhidwe lero, mitima ili m'malo, ndipo maina a oyamba kuimirira alembedwe. Pakuti tsiku la chipolowe silipatsa munthu nthawi yoganiza.